Kalaputopu kakayamba kuchedwa, kudzaza komanso kutentha m'chikwama

Kalaputopu kakang'ono kotchipa kamasangalatsa miyezi yoyambirira. N'kopepuka, kamalowa m'chikwama chilichonse, batire yake imakhalitsa, ndipo sikasokosera chifukwa tambiri mwa timakina timeneti tilibe fani mkati. Kenako tsiku lina mwakatsegula kuti mutumize kalata mwachangu musanakwere ndege, inu n'kudina, iko zii. Pakona pa sikirini patulukira uthenga woti malo atha, Windows ikufuna kupanga update koma ilibe poika. Mukazimitsa n'kuyatsanso kamachira masiku awiri, tsiku lachitatu kayambiranso.

Ndagwiritsa ntchito timalaputopu totere kwa zaka zingapo, ndipo nthawi zambiri ndapeza kuti sikakhala katawonongeka. Si vairasinso, ngakhale ambiri amathamangira kunena zimenezo. Kamakhala katasenzetsedwa katundu woposa msinkhu wake. Vutoli limabwerezabwereza chifukwa timangothana ndi zizindikiro, gwero lake n'kulisiya. Gwerolo limapezeka pa malo amodzi mwa atatu awa: posungira mafayilo, pa RAM (pamene kompyuta imaika zinthu zimene ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo), kapena pa kutentha. Musanafufute kanthu kapena kugula kanthu, dziwani kaye kuti pathina ndi pati.

Yang'anani pa nthawi imene kakuvuta

Makompyuta a mtundu umenewu anatchuka mu 2007, pamene Asus inatulutsa Eee PC ya sikirini ya mainchesi 7, anthu n'kumawatcha ma netbook. Maganizo a opanga ndi omwewo mpaka lero: kuchepetsa chilichonse kuti mtengo utsike ndipo batire ikhalitse. N'chifukwa chake mkati mumapezamo purosesa (ubongo wa kompyuta) ngati Intel Celeron N4020, N4500 kapena Intel N100, zimene zimadya magetsi pafupifupi 6W basi. RAM imakhala ya 4GB, kawirikawiri yomatirira pa bolodi moti simungaionjezere. Posungira mafayilo pamakhala pa 32GB kapena 64GB, pa mtundu wotchedwa eMMC, umene uli pachibale kwambiri ndi memori khadi kusiyana ndi SSD, disiki yothamanga ya m'malaputopu akuluakulu. Tsono Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4GB ndi malo osachepera 64GB. Kalaputopu ka 4GB ndi 64GB kaima ndendende pa mzere wotsikitsitsa, ndipo kalikonse kamene mwaonjezera kamamveka.

Kakayamba kuchedwa, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke, kenako pitani pa Performance. Chitani zimenezi vuto lili mkati. Mukadikira kuti kakhale bwino simuona chilichonse. Ngati Memory (RAM ija) yadutsa 85 kapena 90 peresenti ndipo Disk yakakamira pa 100, RAM yatha ndipo kompyuta ikubwereka malo pa eMMC. Ngati Disk ili pa 100 koma Memory ili ndi mpata, pali china chimene chikulemba kapena kufufuza pa disiki, kawirikawiri update kapena antivairasi. Ngati CPU (purosesa ija) ili pa 100 koma liwiro lolembedwa pansi pake latsika kwambiri, ndipo kunsi kwa kalaputopu kukutentha, vuto ndi kutentha. Mukatero tsegulani This PC muone mzere wa disiki C, pamene pamakhala Windows. Ukakhala wofiira, yambirani pamenepo ngakhale zinazo zikuoneka bwanji.

Disiki ikadzaza tho

Apa ndi pamene pagona mavuto ambiri, ndiye ndichedwapo. Pa disiki ya 64GB, malo amene mumawaona ndi pafupifupi 57GB kapena 58GB. Windows payokha imatenga oposa 20GB. Kuyambira mu 2019 imasunganso padera malo pafupifupi 7GB a ma update. Onjezerani Office, zithunzi za pa ulendo, mavidiyo awiri amene munadawuniloda kuti muonere m'njira, ndiye kuti kwatha. Pa disiki ya 32GB zinthu zimathina musanaikemo n'fayilo imodzi yomwe.

Disiki yodzaza sikuti imangokana mafayilo atsopano. Windows imafuna malo opumira, olembapo zinthu zosakhalitsa ndiponso othandizira RAM ikatha. Malowo akasowa, mapulogalamu amatseka okha, browser imafiriza, ndipo update imayamba, n'kulephera, n'kuyambiranso mawa lake, ikudya intaneti ndi batire ulendo uliwonse. Ine ndimayesetsa kuti pa C pazikhala 10GB yosagwiritsidwa ntchito, ndipo ikatsika kufika pa 5GB ndimasiya zina zonse n'kuyamba kusesa.

Pitani ku Settings, System, Storage, ndipo dikirani kuti imalize kuwerenga. Tsegulani Temporary files. Mmenemo chongani Windows Update Cleanup, Delivery Optimization Files, Temporary files ndi Thumbnails. Mukaona Previous Windows installation, imeneyo ndi foda ya Windows.old, yomwe imasunga Windows yakale pambuyo pa update yaikulu, ndipo imatha kutenga malo oposa 10GB. Imadzifufuta yokha pakatha masiku 10. Mukaifufuta msanga mumapeza malo, koma simungabwererenso ku Windows yakale ngati yatsopanoyo ikuvuta, choncho yesani kaye kuti Wi-Fi, mawu ndi kamera zikugwira ntchito. Samalani ndi kabokosi kolembedwa Downloads. Mukakachonga, zonse za mu foda imeneyo zimapita, kuphatikizapo matikiti ndi zikalata zimene munasunga mmenemo poganiza kuti mudzazisuntha tsiku lina.

Mukamaliza, yatsani Storage Sense pa tsamba lomwelo kuti kusesaku kuzichitika kokha. Anthu ambiri amasesa kamodzi n'kuiwala, ndipo pakatha miyezi iwiri amadabwa kuti vuto labwerera.

Chotsatira ndi mapulogalamu. Ku Settings, Apps, sanjani mndandanda potengera kukula kwake, ndipo chotsani chilichonse chimene simunachitsegule kwa miyezi itatu. Timalaputopu tambiri timabwera ndi masewera komanso antivairasi yongoyeserera ya masiku ochepa. Ichotseni. Mukatero Microsoft Defender, imene ili kale mu Windows, imayamba kugwira ntchito yokha, ndipo ndi yokwanira pa ntchito za tsiku ndi tsiku. Ma antivairasi awiri pa kamakina ka 4GB amakatopetsa kwambiri. Mapulogalamu olonjeza kusesa ndi kufulumizitsa kompyuta musawaike n'komwe. Amakhala akuyenda mobisika nthawi yonse, akudya RAM yomwe mukuifunayo.

Ngati mumagwiritsa ntchito OneDrive, malo a Microsoft osungira mafayilo pa intaneti, dinani kumanja pa foda yake n'kusankha Free up space. Mafayilo amatsala pa intaneti, pa kalaputopu n'kungotsala mayina. Koma musananyamuke ulendo, mafayilo amene mudzawafune popanda intaneti muwaike pa Always keep on this device, chifukwa m'ndege simudzatha kuwatsegula.

Pali njira inanso imene ambiri saidziwa. Tsegulani Command Prompt (kazenera kolembamo malamulo a Windows) posankha Run as administrator n'kulemba compact.exe /compactos:always, kenako dinani Enter. Imapanikiza mafayilo a Windows kuti atenge malo ochepa, ndipo kawirikawiri mumapezapo pafupifupi 2GB. Imatenga mphindi zingapo, choncho lumikizani chaja. Opanga ena amakhala atachita kale zimenezi, ndiye musadabwe ngati sipasintha kanthu.

Mudzawerenga kwina malangizo oti mulembe powercfg /h off kuti mufufute fayilo ya hiberfil.sys. N'zoona kuti pa makina a 4GB mumapeza malo pafupifupi 1.6GB. Koma ngati mumayenda ndi kalaputopu m'chikwama, ine ndikuti musatero, pokhapokha disiki yanu ili ya 32GB ndipo mwasowa pogwira. Chifukwa chake muchiona tikafika pa nkhani ya kutentha.

Kusesa kuli ndi malire ake. Chimene chimathetsadi vutoli ndi kupatutsa mafayilo anu kuti asamakhale pa C. Timalaputopu tambiri tili ndi polowetsa microSD. Ikanimo khadi ya 128GB yolembedwa A1 kapena A2, ndipo ikhale mmenemo osaichotsachotsa. Kenako ku Storage, pa Advanced storage settings, sankhani Where new content is saved, muuze Windows kuti zithunzi, nyimbo, mavidiyo ndi zikalata zatsopano zizipita pa khadiyo. Mu browser sinthaninso foda ya zodawuniloda. Mapulogalamu enieni asiyeni pa C, chifukwa khadi imachedwa kuposa eMMC. Makhadi achinyengo alipo ambiri, olembedwa 128GB pamene mkati muli malo ochepa, ndipo amayamba kuwononga mafayilo malo enieniwo akadzaza. Khadi yatsopano iyeseni poidzaza ndi mavidiyo n'kutsegula omalizira musanaidalire. Ngakhale yabwino imatha kufa mwadzidzidzi, choncho chinthu chofunika chizikhalanso kwina.

Yang'ananinso kunsi kwa kalaputopu kanu kapena m'buku lake. Tina tili ndi kachitseko kakang'ono kobisa polowetsa SSD ya M.2. Ngati kanu kali nako, kuikamo SSD n'kusamutsirako Windows ndi chinthu chimodzi chimene chimasinthiratu kamakinako. Funsani kaye ngati polowetsapo pamalandira SSD ya mtundu wa SATA kapena wa NVMe, komanso kutalika kwa SSD yake, chifukwa zimafanana maonekedwe koma sizilowana m'malo.

Nanga update yaikulu ikakana chifukwa cha malo? Windows imalola kubwereka malo pa fulashi kapena pa khadi yokhala ndi 10GB yopanda kanthu. Ikakuuzani kuti malo achepa, lowetsani fulashiyo, isankheni pa mndandanda umene ukuoneka, ndipo musaizule mpaka zonse zitatha. Pa eMMC update yotere imatha kutenga maola awiri kapena kuposa, manambala ataima pamodzimodzi kwa nthawi yaitali. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ichiteni usiku muli pa chaja, osati m'mawa wa tsiku la ulendo, ndipo musazimitse pakati.

RAM ikatha

Pa 4GB, Windows imatengapo pafupifupi theka musanatsegule kalikonse. Chotsalacho chimadyedwa ndi browser. Tab iliyonse ili ngati pulogalamu payokha, ndipo masamba a masiku ano ndi olemera: imelo, Facebook, YouTube ndi Google Docs zikatseguka pamodzi, RAM yatha. Ikatero Windows imayamba kusunthira zinthu pa disiki, ndipo popeza eMMC imachedwa, mumalemba mawu n'kumadikira kuti aoneke.

Mankhwala ake ndi chizolowezi. Ma tab asamapitirire asanu kapena asanu ndi limodzi. Mu Chrome yatsani Memory Saver pansi pa Performance, ndipo mu Edge yatsani zogoneka ma tab amene simukuwagwiritsa ntchito. Mukadina Shift ndi Esc muli mu browser, mumaona tab kapena extension imene ikudya kwambiri. Gwiritsani ntchito browser imodzi, osati ziwiri nthawi imodzi. Mu Task Manager, pa Startup apps, zimitsani mapulogalamu amene amadziyatsa okha kompyuta ikamayaka, monga Teams, Spotify ndi ena otero. Adzatsegukabe mukawafuna. Pa msonkhano wa pa vidiyo tsekani zina zonse, ndipo musayatse zobisa zimene zili kumbuyo kwanu pa kamera, chifukwa zimatopetsa purosesa yaing'ono kuposa msonkhano weniweniwo.

Dziwaninso kuti Shut down ndi Restart n'zosiyana. Chifukwa cha Fast Startup, mukasankha Shut down Windows imasunga mbali ina ya mmene inalili n'kudzapitiriza pomwepo. Restart ndi imene imayambitsa zonse mwatsopano. Kakayamba kuchita zachilendo, sankhani Restart.

Kutentha, ndi batire yothera m'chikwama

Kalaputopu kopanda fani kamatulutsa kutentha kudzera m'thupi lake, makamaka kunsi. Mukakaika pa bulangete, pa pilo kapena pa dzuwa, purosesa imadzichepetsera liwiro kuti isapse. Kaikeni pa tebulo, n'kukweza kumbuyo kwake pang'ono kuti mpweya uzidutsa. Pa kutentha kwa mtundu umenewu palibenso china chochita.

Chovuta kwambiri ndi china. Ndinafikapo kumene ndinkapita, n'kutulutsa kalaputopu m'chikwama kali juu, batire itatheratu, pamene ndinakatseka kali ndi moto wokwanira tsiku lonse. Zimachitika chifukwa malaputopu ambiri atsopano akatsekedwa sagona tulo tofa nato. Amagona mwa njira yotchedwa Modern Standby, ngati foni: sikirini yazima koma mkati zinthu zina zikuyendabe, ndipo update, mausi ya Bluetooth imene yagwedezeka m'chikwama, kapena pulogalamu ina ingathe kukadzutsa. Kuti mudziwe mmene kanu kamagonera, lembani powercfg /a mu Command Prompt. Mukaona mawu akuti S0 Low Power Idle, ndiye kuti ndi komweko. Mukalemba powercfg /sleepstudy ngati administrator, mumalandira lipoti losonyeza kuti batire inatsika bwanji pa kugona kulikonse ndi chimene chinkaidya.

Apa ndi pamene Hibernate imathandiza, ndipo ndi chifukwa chake ndinati musafufute fayilo ya hiberfil.sys ija. Hibernate imalemba zonse zimene munatsegula pa disiki n'kuzimitsiratu makina, moti palibe chingakadzutse. Pitani ku Control Panel, Power Options, Choose what the power buttons do, dinani Change settings that are currently unavailable, n'kuchonga Hibernate. Pomwepo sankhaninso kuti mukatseka chivindikiro muli pa batire, kazipanga Hibernate. Kamachedwerako pang'ono poyaka, koma mumakapeza kozizira, batire ili pomwe munaisiya. Dikirani kuti kanyale kazime musanakaike m'chikwama.

Ngati batire ikutha msanga ngakhale mukukagwiritsa ntchito mwachizolowezi, lembani powercfg /batteryreport n'kutsegula fayilo imene yatuluka. Yerekezerani Design capacity ndi Full charge capacity. Yachiwiriyo ikatsika kufika pafupi ndi theka la yoyambayo, batire yakalamba ndipo palibe chosintha mu Settings chimene chingaibwezeretse. Ikadali yabwino, chepetsani kuwala kwa sikirini, chifukwa pa timakina timeneti sikirini ndi imodzi mwa zinthu zodya moto kwambiri. Koma mukaona touchpad ikutukuka, kiyibodi yafufuma, kapena kalaputopu sikakukhazikika bwino pa tebulo, batire yatupa. Lekani kutchaja nthawi yomweyo, musaifinye kapena kuiboola, musakwere nako ndege, ndipo kaperekeni kwa wokonza kuti aichotse.

Kakukana kutchaja

Kukhala ndi polowetsa USB-C sikutanthauza kuti kamatchajira pamenepo. Pa timalaputopu tina potere ndi pa mafayilo pokha. Ngati kanu kamatchajiradi pa USB-C, kamafuna chaja ya USB Power Delivery yotulutsa 15V kapena 20V, pamene machaja ambiri a foni amalekera pa 5V kapena 9V. Werengani timalemba ta pa chaja imene kanabwera nayo, ndipo yogula ikhale yofanana kapena yoposa pa ma watt, kawirikawiri 45W. Chaja ya ma watt ambiri siwononga, chifukwa laputopu imatenga zimene ikufuna. Kebulo wamba ya USB-C imanyamula mpaka 60W, zomwe n'zokwanira, koma yothyokera mkati imatchaja n'kumadukiza, ndiye yesani kebulo ina musanaweruze chaja. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: timalaputopu tina totchipa kwambiri timabwera ndi chaja ya mutu wa USB-C yotulutsa 12V nthawi zonse popanda kufunsana ndi chipangizo. Imeneyo musailowetse mu foni.

Popita dziko lina, onani ngati pa chaja palembedwa 100–240V. Ngati zili choncho mukungofunika adaputa ya soketi. Power bank yotchajira laputopu iyeneranso kutulutsa 15V kapena 20V. M'ndege imayenda m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wopita kunsi, ndipo malire odziwika ndi 100Wh. Ya 20,000mAh ili ndi pafupifupi 74Wh, choncho imaloledwa, komabe makampani ena a ndege ali ndi malamulo awo oonjezera, ndiye werengani musananyamuke.

Wi-Fi ya pa ulendo

Ku hotela kapena pa bwalo la ndege kalaputopu kamatha kulumikizika koma intaneti osabwera. Kawirikawiri pamakhala tsamba lovomerezera limene silinatseguke. Zimitsani VPN, kenako tsegulani adiresi yoyamba ndi http yopanda s, monga neverssl.com, ndipo tsambalo limatulukira. Zikakanika, iwalitsani netiwekiyo n'kulumikizanso. Masamba onse akamadandaula za chitetezo, onani tsiku ndi nthawi ya pa kompyuta. Ngati foni ikuona netiweki imene kalaputopu sikakuiona, mwina kanu kamagwira 2.4GHz yokha. Pa hotspot ya foni sinthirani ku 2.4GHz, ndipo pa iPhone yatsani Maximize Compatibility.

Mukalumikiza ku hotspot, lowani mu Properties ya netiwekiyo n'kuyatsa Metered connection, apo ayi Windows ndi OneDrive zimaliza intaneti yanu musanatumize n'kalata imodzi yomwe. Musananyamuke mungathenso kuimitsa ma update, mpaka masabata asanu, koma mukabwerera ayatseni.

Zonsezi zikakanika

Ngati mwasesa, mwachepetsa mapulogalamu, koma kakuchedwabe, sungani mafayilo anu kwina n'kupanga Reset this PC, imene imaikanso Windows mwatsopano. Musanatero, lowani mu akaunti yanu ya Microsoft pa foni muone ngati muli kiyi ya BitLocker ya manambala 48, yotsegulira disiki yokhomedwa, n'kuilemba papepala. Malaputopu ambiri amakhoma disiki okha mwiniwake osadziwa, ndipo akaifunsa kiyiyo inu mulibe, mafayilo simuwaonanso.

Kwa kalaputopu ka 32GB, kapena kamene kali pa Windows 10 ndipo sikangalandire Windows 11, ndimalangiza kuganizira zochoka pa Windows. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 mwachizolowezi pa 14 October 2025. Linux Mint ya Xfce, Lubuntu kapena ChromeOS Flex ya Google, zomwe zimalowa m'malo mwa Windows, zimatenga malo ochepa ndi RAM yochepa, ndipo kwa munthu amene ntchito yake ndi imelo, kulemba ndi intaneti, kamakina komweko kamapepukidwa moonekeratu. Onani kaye ngati pali pulogalamu ya ku ntchito kapena ya sukulu imene imayenda pa Windows pokha. Kenako ikani chimene mwasankhacho pa fulashi ya 8GB kapena kuposa, yatsirani kalaputopu pa fulashiyo osafufuta kanthu, ndipo yesani Wi-Fi, mawu, kamera, touchpad ndi mabatani a kuwala. Pa timakina totchipa, mawu ndi Wi-Fi ndi zimene zimakonda kukana. Tsekaninso chivindikiro kwa mphindi zingapo n'kutsegula muone ngati kadzuka bwino. Zonsezi zikayenda, ndiye mungadine Install.